Ana asukulu adzadza mu wodi, nanga akuwaphunzitsa ndani?

Nkhani iyi ndakhala ndikufuna kuilemba kalekale koma ntchito yathuyi mukuidziwa, ukaweruka pa naiti mutu umangofuna pilo basi. Ine ndine namwino komanso mzamba kuno ku Mzuzu, dzina la chipatala sinditchula chifukwa zomwe ndikufuna kukamba sizachipatala chimodzi ayi, tikakumana ndi anzanga a mzipatala zina timapezeka tikudandaula zomwezo komanso kunyadira zomwezo. Ndi nkhani ya mgwirizano wa makoleji ophunzitsa zaumoyo ndi zipatala, komanso ndi mayunivesite ena akuno ndi akunja. Ambiri mumauona pa Facebook mabwana akusayinirana mapepala, ndipo zimenezo nzofunika ndithu, popanda pepala palibe chingayambe. Koma ife timauona Lolemba mmawa, a matroni akulowa mu wodi kalata ili mmanja, kumbuyo kwawo gulu la ana ovala mayunifolomu ositidwa bwino, ena mantha akuoneka pankhope, nkutiuza kuti "asista, awa akhala nanu masabata akubwerawa."

Mzuzu ndi yaing'ono mukaiyerekeza ndi Lilongwe kapena Blantyre, kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 221,000, koma masukulu a zaumoyo nde tili nawo. Ku Luwinga kuli Mzuni imene inayamba kuphunzitsa mu 1999, kumeneko kumatuluka anamwino ndi azamba a digiri, a zamulabu komanso a zamaso. Kuli St John's ya Akatolika yomwe ili ndi chipatala chake pompo, kuli St John of God ya matenda a mmaganizo, ukatuluka pang'ono msewu wopita ku Karonga pali Ekwendeni ya Sinodi ya Livingstonia. Kuonjezera apo amabweranso ena ochokera masukulu a chigawo chapakati ndi kummwera. Onsewa amasiyana yunifolomu, amasiyana fizi, koma amafuna chinthu chimodzi chomwe palibe sukulu ili nacho mkalasi, wodwala weniweni.

Kusukulu amaphunzirira pa zidole, ndipo zidole za masiku ano nzabwino kwabasi, umatha kuchiritsa chidole mwana nkutuluka, nsengwa nkutuluka, nkusoka komwe. Koma chidole sichikuwa, sichitaya magazi, sichikukankha mkono chifukwa cha ululu, chilibe apongozi amene aima pakhomo akufunsa kuti zikuyenda bwanji. Kupeza mtsempha pa kadzanja ka mwana amene watsegula mmimba mpaka madzi kutha mthupi, mayi ake akukuyang'ana mmaso, zimenezo palibe buku lingakuphunzitse, pamafunika munthu aime pambali pako akugwire dzanja nkukuuza kuti osati apo, tsika pang'ono, usathamange.

Nde mmene zimayendera ndi chonchi. Koleji imapempha malo kuchipatala, chipatala chimavomera, ana amagawidwa, awa ku leba, awa ku wodi ya ana, awa ku thiyeta, awa ku sikelo, pakapita masabata angapo amasinthana. Aliyense amayenda ndi buku lake lija timati logbook, mmene muli zinthu zonse zoti achite ndi manja ake asanalembe mayeso a khonsolo. Manesi ndi azamba tili pansi pa Nurses and Midwives Council of Malawi, ma kiliniko ofisa ndi madokotala ali pansi pa Medical Council of Malawi, ndipo mzamba sapatsidwa chiphaso asanakwanitse nambala yoikika ya amayi amene wawachiritsa yekha wina akumuyang'anira. Wosayinira mbukumo kuti eya mwanayu wachitadi ndipo wachita bwino ndi ine, kapena mnzanga amene ali pa dyute tsiku limenelo.

Siginecha imeneyo ine ndimaiopa, ndikuuzeni zoona. Chifukwa mwana ameneyu akamaliza sadzakhala pano pomwe pali dokotala woti amuimbire, adzamutumiza ku Wenya, kapena ku Usisya komwe msewu wake nthawi ya mvula ndi nkhani ina, kapena ku Chizumulu komwe ukafuna kutumiza wodwala uyambe waganiza za boti ndi mphepo ya panyanja. Tsiku lina pakati pa usiku mayi adzachira bwinobwino kenako magazi nkuyamba kutuluka osaleka, netiweki ikuvuta, ambulansi ili kuboma. Pa nthawi imeneyo chomwe chidzapulumutse mayiyo ndi zimene manja a mwana uja anazolowera ali mu wodi mwathu, kusisita chiberekero kuti chilimbe, kubaya oxytocin, mankhwala olimbitsa chiberekero, kuika makanyula awiri akuluakulu dripu nkumathamanga, kuchotsa mkodzo, kuyang'ana ngati nsengwa yatuluka yonse kapena pali pomwe pang'ambika. Akakhala kuti anangoonerera ali kumbuyo kwa anzake ine nkumusayinira, nde kuti mayi ameneyo ndamupha ndine ndili kunyumba kwanga ndikugona. Kwa ine mgwirizano wonse wa koleji ndi chipatala uli pamenepa, pa zomwe zimachitika pambali pa bedi, ndipo ngati pepala lomwe anasayinirana silinenapo kanthu za yemwe aime ndi mwanayo pa bedipo nde kuti lasiya chinthu chachikulu.

Musamve ngati ndikudana ndi ophunzira, ayi ndithu, amatithandiza zedi. Wodi itadzadza ena ali pansi pa matiresi, manesi tili awiri, ukakhala ndi a chaka chachitatu kapena chachinayi amene manja afewa kale umapuma, akuyeza BP, akumvetsera mtima wa mwana mmimba, akulemba pa pathogirafu, pepala lotsatira mmene leba ikuyendera, wina wathamangira magazi ku labu wina waperekeza agogo ku X-ray. Akapita ku holide onse wodi imachita kulemera. Komanso amatidzutsa ife akale, mwana akakufunsa kuti "asista, bwanji tikupanga chonchi pomwe mkalasi anatiuza kuti zinasintha?" umapita kukatsegula gaidilaini yatsopano nkupeza kuti akunena zoona. Nde chipatala sichikuchitira koleji chifundo polandira ana, ndipo koleji sikuchitira chipatala chifundo potumiza manja, tonse tikufunana.

Vuto limayamba makoleji akatumiza ana nthawi imodzi osakambirana. Umapezeka mu leba ophunzira achuluka kuposa amayi oti achire, aliyense akufuna nambala yake ikwane, mayi akangolowa ndi chikwama chake maso onse ali pa iye. Olimba mtima ndi olongolola amapeza mwayi, ofatsa aja amatsalira kumbuyo masabata onse, kenako tsiku lomaliza amabwera ndi buku misozi ili mmaso, "asista chonde ndithandizeni, mawa tikubwerera kusukulu." Mtima umapweteka chifukwa ukudziwa kuti kwawo anagulitsa chimanga kapena mbuzi kuti fizi ipezeke. Koma ine sindisayina chimene sindinaone. Chomwe ndimapanga ndikumuuza abwere pa naiti yanga kapena Loweruka pamene anzake achepa, tigwire limodzi, ndipo ambiri amabweradi, ena mwa azamba abwino amene ndikuwadziwa ndi omwewa ankaopa kuyankhula.

Aphunzitsi a kukoleji alipo ena ndimawavulira chipewa, amabwera mu wodi amavala epuloni amagwira ntchito limodzi ndi ana awo, odwala mpaka amawayesa a pompano. Koma enanso umangowaona tsiku lodzasiya ana ndi tsiku la asesimenti, pakatipa zii. Sinthawi zonse ndi vuto lawo, mphunzitsi mmodzi ali ndi ana ena ku Rumphi ena ku Mzimba ena ku Nkhata Bay, galimoto ya sukulu ndi imodzi, mafuta kulibe, mkalasi akumudikiranso. Zotsatira zake ntchito yonse yophunzitsa imagwera nesi wa mu wodi amene sanaphunzitsidwe kaphunzitsidwe, alibe nthawi yopatulidwa, ndipo dzina lake silipezeka pena paliponse mmabuku a kolejiyo. Palinso ka nkhani ka magulovu kamene anthu amakaona ngati kakang'ono. Wophunzira aliyense amavala magulovu, epuloni, amagwiritsa ntchito thonje ndi sipiriti, zonsezi zikuchoka mu stoko yomwe anawerengera odwala. Makoleji ena amatumiza ana awo ndi makatoni awo, ena amangowatumiza chimanjamanja, zili ngati kutumiza mwana kukalima kwa eni opanda khasu, nde pofika pakati pa mwezi tayamba kuuza magadiyani kuti zinthu zatha.

Ndipo pali munthu wina amene pa mgwirizano wonsewu safunsidwa, wodwala mwini wake. Mayi wachokera ku Nthalire, amutumiza chifukwa zavuta, wagwedezeka mu ambulansi njira yonse, akufika pa bedi nkuona nkhope zambirimbiri zamuzungulira, wina akumuvundukula chitenje osamupatsa ndi moni womwe. Iye akuyesa onsewo ndi madokotala, ndipo olo asakufuna sanganene chifukwa akuopa kuti akakana samuthandiza. Ana anga onse ndimawauza tsiku loyamba, perekani moni, tchulani dzina lanu, nenani kuti ndinu ophunzira, pemphani, akakana tulukani bwinobwino osakwiya, kokani katani, ndipo woyeza mayi kumusi akhale mmodzi osati mzere. Kuno kumpoto palinso za chiyankhulo. Mwana wochokera ku Mulanje kapena ku Dedza amakumana ndi agogo oyankhula Chitumbuka chokhachokha, kapena Chitonga, Chinkhonde, Chilambya, nde amaitana gadiyani kuti amasulire, gadiyaniyo ndi mwana wawo wamwamuna, agogo aja zakumusi sanganene pamaso pa mwana wawo amangoti mutu ukuwawa. Koleji imene ikutumiza ana kuno ikanamawakonzekeretsa ndi mafunso ochepa a kuchipatala mziyankhulo zakuno, nkuwaika awiriawiri ndi anzawo akonkuno, zambiri zikanaphweka ndipo sizifuna ndalama za dona ayi.

Ena akamva za mgwirizano ndi mayunivesite akunja amaganiza ndi zongobwera dzulo, koma sukulu yathu ya madokotala inabadwa mwa njira yomweyi. 1991 isanafike Mmalawi wofuna udokotala ankayenera kupita kunja, ndipo ambiri sankabwerera. Pamene College of Medicine inkatsegulidwa ku Blantyre mchaka chimenecho, ophunzira oyambirira anali atayambira maphunziro awo mmayiko a eni monga UK ndi Australia nkudzamalizira ku Queens, pa odwala athu, matenda athu. Malemu Prof John Chiphangwi, dokotala wa amayi, ndi mmodzi mwa amene analimbikira kuti zitheke. Mu 2021 kolejiyi inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing nkukhala Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS). Ndipo pozungulira Queens pamera ntchito zambiri za kafukufuku, Malawi-Liverpool-Wellcome kuyambira 1995, a Johns Hopkins, a Michigan State University pa malungo, ku Lilongwe nakonso a University of North Carolina ali pa Kamuzu Central. Sukulu ya madokotala a mano inayamba mu 2019 mothandizana ndi University of Glasgow, isanayambe aliyense ankakaphunzira kunja.

Zipatso zake zinatifika ngakhale ife tili kutali. Mwana akabwera atakomoka ndi malungo a mubongo timayeza kukomoka kwake ndi Blantyre Coma Scale, kuchokera pa 0 mpaka 5, chinthu chomwe Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo anachipanga mu wodi ya ana ku Queens ndipo pano chikugwiritsidwa ntchito mmayiko ambiri. Katemera wa typhoid amene ana athu analandira pa kampeni ya dziko lonse mu 2023 anayesedwa kaye pa ana pafupifupi 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa. Koma chomwe chimandigwira mtima kwambiri ine ngati mzamba ndi ka makina ka Pumani. Amene munalowako ku nazale mukukadziwa, kamene kamakankhira mpweya mmphuno mwa mwana wobadwa masiku osakwana, pambali pake pali botolo la madzi likuchita thovu. Kanapangidwa ndi a Rice University ya ku America pamodzi ndi madokotala ndi manesi a ku Queens, ndipo koyambirira kake anagwiritsa ntchito mapampu a mu thanki yowetera nsomba kuti katsike mtengo komanso kasavute kukonza. Kamwana kolemera ngati paketi ya shuga kakubanika, nthiti zikulowa mkati, ukakaika pa makina aja nkuona chifuwa chayamba kudekha, amayi ake amene anali atataya kale mtima ayamba kufinya mkaka, eee zimenezo sungaziiwale. Ndipo chinandisangalatsa nchoti sanangotaya makina pakhomo nkumapita, anaphunzitsa manesi kagwiritsidwe ntchito kake, anaphunzitsa okonza, ankabweranso kudzaona. Mgwirizano womwe unafunsa nesi kuti chikukuvuta nchiyani umaoneka ndi katundu wake yemwe.

Komabe ndikayang'ana bwino, phindu lalikulu lomwe Blantyre ndi Lilongwe amapeza si zotsatira za kafukufuku zokha ayi, ndi anthu. Pomwe pali sukulu ya madokotala pamakhala ma specialist tsiku ndi tsiku, raundi imakhala kalasi, nesi wamba amaphunzira pongomvetsera, achinyamata amapeza mwayi wa masters ndi PhD. Kumpoto kuno mu 2018 tinalipo pafupifupi 2.3 miliyoni, maboma asanu ndi limodzi, Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Mzimba ndi Likoma, chipatala chachikulu ndi chimodzi. Ku Blantyre ndi makilomita opitirira 600. Dokotala wachinyamata akafuna kukhala katswiri wa ana kapena wa opaleshoni amatsika kummwera kapena ku Lilongwe zaka zinayi kapena kuposa, kumeneko akwatira, ana ayamba sukulu, wapeza ka kiliniki kogwirako madzulo, nde mumuuze abwerere ku Mzuzu? Sindimuweruza, ndi moyo. Koma mathero ake ndi wodwala wathu kukwera ambulansi kudutsa mu nkhungu ya ku Chikangawa kupita ku Lilongwe, gadiyani alibe ndi ya chakudya yomwe.

Ife a ku Mzuzu tili ndi phunziro lathulathu pa nkhani ya abwenzi akunja. Mzuzu Central Hospital inamangidwa ndi thandizo la Taiwan nkutsegulidwa mu 2000, ndipo madokotala a ku Taiwan ankagwira ntchito pompo. Ma ARV aulere atayamba mu 2004 iwowa anathandiza kuyendetsa Rainbow Clinic, kiliniki ya ma ARV ya pachipatalapo, ndipo pamodzi ndi anzathu akuno anapanga chinthu chomwe ndimachilemekeza, anatsatira kumidzi odwala a ma ARV amene anasiya kubwera kuchipatala kuti aone chinawachitikira nchiyani, zotsatira zinatuluka mu 2007 ndipo zinaonetsa kuti theka la iwo anali atamwalira, pomwe mmabuku ankangolembedwa kuti anathawa mankhwala. Limenelo linali funso lochokera mu kiliniki mwenimweni. Kenako kumapeto a 2007 boma linasintha ubale nkupita ku China, timu ya ku Taiwan inachoka, patapita nthawi kunabwera madokotala a ku China. Palibe wa mu wodi anafunsidwa, ndi nkhani za ku Capital Hill, ndipo zikhoza kuchitikanso ndi bwenzi lina lililonse, mwaona nokha mmene thandizo la ku America linagwedezekera mu 2025. Chomwe chinatsala pamene anthu aja ankakwera ndege ndi nyumba, komanso zimene zinali zitalowa mmitu ndi mmanja mwa Amalawi amene ankagwira nawo ntchito. Ubale wina unapitirira kudzera ku bungwe la Luke International, amene mpaka pano ali mu Mzuzu ndi ntchito zosunga mbiri ya odwala pa kompyuta, chifukwa unali ubale wa anthu ndi zipatala osati wa maboma okha. Nde ine bwenzi aliyense akabwera funso langa limakhala lomweli, mukuphunzitsa ndani wakuno woti mawa mukachoka apitirize, ndipo makina anuwa akafa spea yake tikaipeza kuti?

Chitsanzo china chili ku Chilumba ku Karonga, komwe a London School of Hygiene and Tropical Medicine anayamba kafukufuku wa khate mu 1979 ndipo sanachoke, pano ntchitoyo imadziwika kuti MEIRU. Kumeneko anayesa BCG, katemera wa TB uja, pa anthu opitirira 120,000 nkupeza kuti kubwereza katemerayu kumateteza ku khate koma osati ku TB ya mmapapo, ndipo konko anaonetsa kuti imfa za akuluakulu mmidzi zinayamba kutsika ma ARV atangofika. Zaka zoposa 40 pamalo amodzi, mabanja ena agogo anawerengedwa, ana awo, pano zidzukulu. Zikusonyeza kuti sayansi yapamwamba imatheka kumpoto konkuno. Chomwe ndimalakalaka nchoti ana athu a mmakoleji a mu Mzuzu azipita kumeneko mwadongosolo kukaona mmene deta imatoleredwera ndi kusamalidwa, chifukwa kuchoka pano kukafika ku Chilumba ndi ulendo wa mmawa umodzi.

Za maso nazo ndi nkhani yabwino, Mzuni inayamba kuphunzitsa akatswiri oyeza maso mothandizana ndi mabungwe monga Brien Holden Vision Institute ndi Sightsavers, maphunziro omwe kale mdziko muno kunalibe, ndipo lero ana amene anatuluka mmenemo ali mzipatala ndipo ena ndi aphunzitsi pa sukulu yomweyo. St John of God anafika mu Mzuzu mu 1993, nthawi imene wodwala misala wa ku Chitipa njira yake inali ya ku Zomba basi, ndipo anamanga chipatala ndi sukulu pamodzi, amene akuphunzira amaona odwala pompo. Pomwe sukulu ndi chipatala zili za mwini mmodzi, monganso zambiri za pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, zinthu zimaphwekako chifukwa mphunzitsi ndi sista amadziwana, amakumana pa geti, vuto la mwana limakambidwa tsiku lomwelo. Pomwe eni ake ndi osiyana mpamene pepala liyenera kulankhula momveka.

Nde ndikanakhala nawo pa tebulo posayinirana ndikanapempha zinthu zomwe sizodula kwenikweni. Makoleji onse otumiza ana mchipatala chimodzi azikhala pansi limodzi chaka chisanayambe, kalendala ikhale imodzi, chipatala chinene kuti leba yathu imatha kunyamula ophunzira mwakuti pa shifiti ndipo nambala imeneyo ilemekezedwe olo koleji italemba ana ambiri bwanji. Mu wodi iliyonse mukhale nesi kapena kiliniko ofisa wodziwika kuti uyu ndi wophunzitsa, koleji imuphunzitse kaphunzitsidwe, imupatse mwayi wa laibulale yake ndi mabuku a pa intaneti, akafuna kukapitiriza sukulu pa koleji yomweyo ntchito imene wagwirayo iwerengedwe, ndipo masiku omwe ali ndi ana achepetseredwe odwala. Ka alawansi nkabwino sindikana, koma ambirife chomwe chimatiwawa ndi kusaoneka. Aphunzitsi a kukoleji nawo akhale ndi masiku awo ogwira ntchito mu wodi, manja asazizire. Ndipo kwa a sukulu ya madokotala, monga mmene ophunzira amapitira ku Mangochi kukaphunzira zaumoyo wa kumudzi, amene akuphunzira ukatswiri azikhalanso miyezi ingapo kuno kumpoto ndi mphunzitsi wawo, osati kungobwera sabata imodzi ya kampu ya maopaleshoni. Munthu amabwerera komwe anakhalako nkupeza anzake, tchalitchi, msika womwe anauzolowera.

Amabweranso ophunzira achizungu ochokera mayunivesite akunja kudzakhala nafe masabata ochepa. Ambiri ndi aulemu ndipo amafunadi kuphunzira, ndimawalandira ndi manja awiri. Koma lamulo likhale limodzi, chimene saloledwa kuchita kwawo asachite kuno, asajambule odwala athu nkumaika pa Instagram, ndipo ndalama yomwe sukulu yawo imalipira ioneke mu wodi imene akhalamo. Komanso msewu ukhale wopita ndi wobwera, ngati awo akubwera chaka ndi chaka, wathu mmodzi kapena awiri apiteko nawo akaone mmene nazale ya kumeneko imayendera. Chimodzimodzi a kafukufuku, akuno ndi akunja omwe, kuphatikiza ana a digiri amene amabwera ndi mapepala awo a mafunso, timawathandiza kupeza mafayilo, timawamasulira, timawasonyeza odwala, akamaliza abwerenso pa hendiova ya mmawa atiuze zomwe apeza mmawu oti tonse timve, kuti ngati pali chomwe tikulakwitsa tisinthe.

China chomwe chingachepetse kuthithikana mu tauni muno ndi malo ogona kumaboma. Ku Chitipa, ku Karonga, ku Embangweni, ku Livingstonia komwe David Gordon Memorial Hospital yakhala ikuthandiza anthu kuyambira 1911, odwala aliko ndipo wophunzira amagwira zambiri ndi manja ake chifukwa opikisana naye ndi ochepa. Chomwe chimalepheretsa ndi poti akagone. Mtsikana wa zaka 20 amapatsidwa kalata nkuuzidwa kuti akadzipezere yekha nyumba kudera komwe sadziwa munthu, amakapeza kachipinda kopanda loko wabwino kutali ndi chipatala, naiti ikakwana ayende yekha mumdima, ndalama ya lendi ndi makala ichokere kwa makolo omwe aja. Ndawamva ana akulira pa foni chifukwa cha zimenezi. Makoleji atatu kapena anayi atasonkherana nkumanga hositelo imodzi pafupi ndi chipatala cha boma lililonse, yokhala ndi madzi, sola ndi mlonda, nkumasinthana malinga ndi kalendala imodzi ija, ana ambiri akanapita kumaboma mosangalala, ndipo ena mwa iwo akanadzapempha okha kuti akamaliza awatumize komweko.